NDANI AKONZA MAKINA A M'NYUMBA ZA BOMA?

Mau awa ananenedwa pa msonkhano wa anchito ku Chilenje ndi mbale wathu amene kale anali kalaliki ku migodi. Tawalemba monga momwe anawanenera.



Ine sindine munthu wophunzira. Sukulu ndinalekera Giredi 7, ndipo nchito yanga yoyamba inali yosesa m'sitolo ya mgodi wina ku Copperbelt. Kapitao wa pamenepo anaona kuti dzanja langa lilemba bwino, nandikhazika pa tebulo, ndipo ndinakhala kalaliki wa zitsulo za makina zaka 6 kufikira tsiku limene anaticotsa nchito. Cimene ndinaphunzira kumeneko ndi cimodzi: kuwerenga pepala, ndi kuona cimene calembedwa ndi cimene cabisika kuseri kwace. Ndi nzeru yokhayo ndaima nayo pamaso panu lero.

Nkhani yanga ndi ya makina oziziritsa ndi makina otenthetsa a m'nyumba za Boma, ndi anthu amene apatsidwa nchito yowakonza. Ndaona ena ayamba kale kuseka. Muti, "Eyakoni ndi ya mabwana, ife tigona m'nyumba za malata, itikhudza bwanji?" Dikirani pang'ono.

Amalume anga anamwalira mwezi wa October, pa cipatala cina cimene sindicichula dzina. Inu mudziwa October wa kuno. Azungu akale anaucha mwezi wodzimangirira cifukwa ca kutentha kwace. Tinatumiza mau kumudzi kuti abale abwere, ndipo tinapangana kuika maliro tsiku lacinai. M'mawa mwace, wanchito wa ku mocale anatiitanira pambali, nati, "Abambo, firiji yathu inaleka masiku apitawa. Mukacedwa, mudzalephera kuwaona nkhope." Tinawaika tsiku lomwelo. Mlongo wao, amene anawalera ali mwana, anatsika basi manda atatsekedwa kale. Kufikira lero mai uja sanatikhululukire, ndipo ine sindimuimba mlandu. Tsono ndifunse: firiji ija inali ya mabwana kodi?

Makina amenewa ali ponse ponse pamene moyo wa munthu wosauka ulendewera. Mankhwala a katemera wa ana athu ayenera kukhala pa kuzizira kwa madigiri 2 kufika 8. Akatentha afa mphamvu, ndipo mwana abaidwa madzi acabe. Magazi osungidwa afuna firiji. M'cipinda cocitira opareshoni mufunika mpweya wozizira ndi woyera, pakuti dotolo sangang'ambe munthu thukuta liri kugwera pa bala. Cipatala cathu ca Chilenje, cimene cinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan m'caka ca 2016, ciri nazo zipinda zotere, monganso UTH. Ndipo pa mwezi wa June ndi July, pakuti mzinda uno uli pamwamba mapazi oposa 4,000, mphepo ya usiku ilowa m'mafupa. Pamenepo kamwana kobadwa masiku osakwana kafuna kutenthedwa, ndi boila ifunika yopatsa madzi otentha ndi nthunzi yophikira zitsulo za madotolo. Mbali yina, yendani mu Independence Avenue kucokera ku Government Complex kufika ku Cabinet Office, muwerenge timabokosi toyera topacikidwa pa makoma. Kali konse kanagulidwa ndi ndarama, ndipo kali konse kadya ndarama caka ndi caka. Ndarama zimenezo ndi za msonkho, ndipo msonkho mupereka ndinu, ngakhale pogula sopo ndi mafuta ophikira.

Ku mgodi tinali ndi lamulo limene ndifuna mulimve bwino. Makina ali onse anali ndi khadi lace. Pa khadipo ndinali kulemba tsiku limene anathiridwa mafuta, tsiku limene anasinthidwa lamba, dzina la fitala amene anawagwira, ndi tsiku limene ayenera kuonedwanso. Sitinali kudikira kuti afe, iai. Cikupizo cacikuru cotumiza mpweya pansi pa nthaka cikaima, anthu onse aturutsidwa, mkuwa uleka kuturuka, ndipo mwini mgodi ataya ndarama pa ola liri lonse. Cifukwa cace iye asamala. Sindinena kuti atikonda. Anaticotsa nchito ngati nkhuku zoleka kuikira. Koma makina ace awasamala, pakuti ndi ace. Nanga makina a Boma mwini wace ndani? M'tauni muno tinena kuti "ni va Boma", ndiko kunena kuti ziribe mwini. Mau amenewo atipweteka ife tomwe.

Eyakoni si cinthu ca matsenga. Mkati mwace muli gasi imene izungulira m'timapaipi ta mkuwa, mkuwa wathu womwe uno, ndi kompresa imene ikankha gasiyo. Gasi itenga kutentha kwa m'nyumba ndi kukakutaya kunja. Kutsogolo kuli sefa yogwira pfumbi. Lusaka ndi mzinda wa pfumbi, makamaka August ndi September, ndipo sefa ikatsekeka mpweya suyenda, kompresa igwira nchito yolemetsa, itentha, ipsa. Kutsuka sefa ndi nchito ya madzi ndi burashi, mnyamata aicita pa kanthawi kocepa, ndipo iyenera kucitika miyezi ingapo iri yonse. Koma kompresa ikapsa mtengo wace uyandikira wa makina atsopano. Boila nayo iri ndi mdani wace. Madzi a m'zitsime za Lusaka acokera m'miyala ya laimu. Amai, mudziwa zoyera zija zimatirira m'ketulo. Zomwezo zimatirira m'mapaipi a boila, ndipo zikapanda kucotsedwa boila idya magetsi ambiri, ipatsa kutentha kocepa, potsiriza ing'ambika.

Onjezanipo za magetsi. M'caka ca 2024 kunagwa cilala, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'makomboni ena magetsi anali kubwera maola atatu okha pa tsiku. Magetsi akazima ndi kubwera mwadzidzidzi, kompresa imene iribe kacitsulo kocinjiriza ipsa msanga. Mafitala onse a m'Chilenje adziwa kuti caka cimeneco anakonza mafiriji ambiri kopambana zaka zonse.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono. Pamene Lusaka anakhala likuru m'caka ca 1935, nyumba za Boma zinali m'manja mwa Public Works Department, imene makolo athu anaicha P.W.D. Inali ndi anchito ace ace, amisiri ndi zipangizo. Koma mmisiri wamkuru anali Mzungu, ndipo munthu wakuda anali wonyamula bokosi la masipanala. Kufikira caka ca 1959 lamulo linaletsa mwana wa Ciafirika kulembedwa monga wophunzira umisiri pansi pa mmisiri, ngakhale manja ace akhale ocenjera cotani. Ku migodi kunali comweco: Lawrence Katilungu ndi anzace anayamba bungwe la anchito a m'migodi m'caka ca 1949, ndipo nkhondo yao yina yaikuru inali yakuti nchito za luso zitsegukire anthu akuda. Pafupi pompano pali nyumba nambala 394, m'mene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufika 1962. Amene anali kusonkhana pa nyumba imeneyo sanali kufuna mbendera yokha. Anali kufunanso kuti mwana wa m'komboni agwire sipanala monga mwini nchito, ndi kulandira malipiro a mwini nchito. Ufulu unabwera m'caka ca 1964. Sipanala tinaigwira. Za malipiro, mverani.

Masiku ano nchito zambiri zotere Boma silicita ndi anchito ace. Liitana makampani kuti apikisane, ndiyo tenda. Kale oyang'anira anali a Zambia National Tender Board. M'caka ca 2008 lamulo linakhazikitsa Zambia Public Procurement Authority, ZPPA, ndipo m'caka ca 2020 kunabwera lamulo latsopano, nambala 8, lolowa m'malo mwa lija. Unduna kapena cipatala cilengeza nchito, makampani atumiza mitengo yao pa makina a intaneti ochedwa e-GP, komiti iwerenga, ndipo nchito iyenera kupita kwa amene akwanitsa zofunika zonse pa mtengo wotsika. Pa pepala ndi cinthu cabwino, sindinama. Koma kuti ulowe pa khomo limenelo uyenera kukhala ndi kampani yolembedwa ku PACRA, kalata ya ZRA yoonetsa kuti ulibe ngongole ya msonkho, kalata ya NAPSA, ya Workers' Compensation, ndipo pa nchito zina ya National Council for Construction. Fitala wa pa msika wa Chilenje, amene amva kudwala kwa kompresa ndi khutu lokha, alibe ngakhale imodzi. Munthu wa suti wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands, amene sadziwa kusiyanitsa sipanala ndi supuni, ali nazo zonse m'cikwama. Kampani yace iribe shopo, iribe mmisiri, iribe makwerero. Iri ndi cikwama cokha ndi foni.

Apa ndiyenera kuulula kanthu, ndipo mundimvere cisoni ngati mufuna, kapena mundiseke. Nditacoka ku migodi ndinabwera kuno kwa alamu anga, amene ali fitala wa mafiriji. Tsiku lina munthu wa cikwama anabwera ndi galimoto yace, nati wapata nchito yokonza maeyakoni pa ofesi yina ya Boma, ndipo afuna mmisiri. Alamu anapita, ine ndinawatsata monga wolemba. Tinagwira masiku atatu. Makina ambiri anali ndi pfumbi lokha. Awiri anafa kapasita, kacitsulo kakang'ono ngati citini ca nsomba, kochipa. Amodzi anali kudontha gasi pa mfundo ya paipi. Alamu anati, "Tiocherere pamene padontha." Wa cikwama anati, "Iai, thirani gasi cabe." Ine sindinamve tanthauzo lace kufikira madzulo: paipi ikakhala yodontha, gasi itha pa miyezi iwiri, ofesi iitananso, ndipo alipiranso.

Pa tsiku lacitatu anandipatsa pepala la nchito, nati, "Iwe kalaliki, lemba kuti tasintha makompresa awiri." Abale anga, ndinalemba. Ndi dzanja lino. Ndinali ndi mwana wodwala ndi lendi ya miyezi iwiri. Pepala linalowa m'ofesi, munthu wina amene sanakwere ngakhale pa mpando kuti aone makinawo anasaina, nadinda cidindo. Ife tinalandira ndarama zogula thumba la ufa ndi ndiwo za sabata imodzi. Zimene analandira wa cikwama ndinaziona pa invoisi, ndipo usiku umenewo sindinagone. Akuru anati mbuzi idya pamene aimangirira. Koma ine ndinaona kuti mbuzi yaikuru idya msipu wonse, ndi ife tiitsegulira khola.

Musayese kuti ndi nkhani ya ofesi imodzi. Caka ndi caka Auditor General alemba buku lace ndi kulipereka ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, ndipo mau obwerezabwereza m'menemo ndi awa: ndarama zolipiridwa pa nchito yosacitika, ndi ndarama zoturuka popanda mapepala ocitira umboni. Mukumbukira caka ca 2017, pamene Boma linagula magalimoto ozimira moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Anthu 6, pakati pao Laura Miti ndi woimba Pilato, anamangidwa cifukwa cofunsa za mtengo umenewo pa khomo la Nyumba ya Malamulo, ndipo khoti linawamasula mu December 2018. Magalimoto aja anaoneka cifukwa ndi akuru ndi ofiira. Kapasita saoneka. Ndani adzanyamula cikwangwani cifukwa ca sefa ya eyakoni? Ncifukwa cace ndarama zithawira m'tinthu tating'ono, monga madzi athawira pa kaboo ka ndowa.

Palinso cina. Kutsuka ndi kusamala makina kupatsa phindu locepa kwa wa cikwama. Kugula makina atsopano kupatsa lalikuru. Cotero makina aleka kusamalidwa kufikira afe, ndipo akafa alembedwa kuti sangakonzeke, ndi tenda yatsopano ituruka. Pitani kuseri kwa maofesi ena mukaone mulu wa makina amene fitala wabwino akadawadzutsa ndi tsiku limodzi.

Koma ndinene zoona mbali zonse. Si onse a makampani ali akuba, ndipo si onse a m'maofesi alandira ziphuphu. Ndidziwa makampani ang'ono amene anacita nchito yoona, nadikira malipiro ao kwa Boma miyezi ndi miyezi, kufikira mwini anapita kwa a kaloba, nagulitsa galimoto, nacotsa anyamata ace. Boma likacedwa kulipira, munthu woongoka agwa, ndipo otsala akweza mitengo kuti adzicinjirize. Ndiponso ife amisiri tiri ndi zolakwa zathu. Ena aturutsira gasi yakale ya R22 kumwamba ngati utsi wa mbaula. Gasi imeneyo iononga cophimba ca kumwamba cimene citicinjiriza ku dzuwa, ndipo pa pangano la ku Montreal la caka ca 1987, ndi zoonjezedwa zace, maiko onga lathu anabvomera kuileka pofika 2030, kupatula pang'ono yokonzera makina akale. A ZEMA ndiwo apereka cilolezo coilowetsa m'dziko. Makina atsopano ali ndi gasi zina, ndipo zina mwa izo ziyaka moto. Mmisiri amene safuna kuphunzira adzatsala m'mbuyo, kapena adzapsa nkhope.

Nanga ticite ciani? Ine ndiganiza zotere, ndipo mungatsutse.

Cala cimodzi siciswa nsabwe. Fitala mmodzi sangathe kulipira mapepala onse aja, koma mafitala khumi angathe. Tilembetse kampani kapena kopaletivu yathu, ikhale ndi buku la ndarama loonekera kwa onse, ndi kalaliki amene adzakana kulemba bodza. Lamulo la Citizens Economic Empowerment la caka ca 2006 linena kuti makampani a eni dziko apatsidwe mwai pa matenda a Boma. Mwai umenewo ulipo, koma autenga a zikwama cifukwa ife sitipita kukauitanitsa. Amene adziwa nchito koma alibe pepala, pali mayeso a umisiri a TEVETA, amene ayesa manja, osati Cingelezi. Anyamata amene afuna kuyamba, Northern Technical College ku Ndola iphunzitsa za mafiriji ndi maeyakoni.

Ndarama za CDF zinakwera m'caka ca 2022 kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo zakwerabe m'zaka zotsatira. Ife tiri m'dera la Kabwata. Gawo lina la ndaramazo liripirira acinyamata maphunziro a umisiri, gawo lina limanga. Koma ndaona kuti pa misonkhano ya komiti ya wadi tonse tipfuula kuti "mangani, mangani", ndipo palibe anena kuti "nanga cimene munamanga caka catha adzacisamala ndani?" Pa mwambo wotsegula nyumba yatsopano pabwera ng'oma ndi makamera. Pa tsiku lotsuka sefa sipabwera munthu. Pitani ku misonkhano imeneyo, makamaka inu amai, pakuti ndinu mugona pansi m'zipatala podwazika, ndinu mudziwa pamene madzi otentha analeka.

Ndipo tifunse mafunso. Mu December 2023 lamulo la Access to Information linasainidwa, lopatsa nzika mphamvu yofunsa Boma za mapepala ace. A ZPPA nao aturutsa mndandanda wa mitengo ya pa msika kuti ogula a Boma asapitirire. Tsono firiji ya pa kiliniki ikafa, tisangodandaula pa mzere. Tilembe kalata yaulemu, ya maina ambiri, yofunsa zinthu zitatu: kampani imene inapatsidwa nchito yosamala makinawa ndi iti, pangano lace ndi la ndarama zingati, ndipo inabwera liti kotsiriza. Cinthu cimodzi ndicipempha kopambana zonse, ndico khadi lija la ku mgodi. Makina ali onse a Boma, kaya ndi boila, kaya ndi firiji ya katemera, kaya ndi eyakoni ya nduna, akhale ndi khadi lopacikidwa pambali pace, poonekera, lolembedwa tsiku, nchito imene yacitika, ndi dzina la mmisiri amene anaigwira ndi manja. Mtengo wa khadi ndi wocepa kuposa botolo la Fanta. Likadakhalapo pa ofesi ija, mlonda yemwe akadawerenga, nafunsa kuti, "Makompresa awiri? Nanga akalewo ali kuti?" Ndipo ine sindikadalimba mtima kulemba cimene ndinalemba.

Inu anchito a m'maofesi, osesa, amesenjala, alonda, oyendetsa galimoto, ndinu maso athu. Muona amene abwera ndi makwerero ndi amene abwera ndi pepala lokha. Sindikuuzani kuti mutaye nchito zanu. Ndidziwa kuwawa kwa kukhala pa khomo. Koma pali Anti-Corruption Commission, ndipo pali ife anzanu amene tingalembe kalata m'dzina la gulu kuti dzina lanu lisaoneke.

Alamu anga ali pano, akhala kumbuyo uko pafupi ndi citseko, ndipo anandilola kunena zonsezi. Paipi ija yodontha anabwerera okha tsiku Loweruka, nakamba ndi mlonda, naiocherera osalandira kanthu.

A Wapampando, nthawi yanga yatha. Mafitala a mafiriji, a magetsi ndi a mipope, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana amene afuna kuphunzira nchitozi, atsale msonkhano ukatha. Ndabwera ndi buku ndi bolopeni. Tilembe maina, nchito imene munthu adziwa, ndi mapepala amene ali nao kale. Amene ali ndi kalata ya TEVETA kapena nambala ya ZRA abwere nazo Loweruka likudzali, pompano, nthawi ya 2 koloko masana.